Pasiwedi ya rauta siwonjezera liwiro la intaneti

Kwa zaka zambiri kuno ku Kasungu, m'maofesi ndi m'mashopu osindikiza mapepala, anthu akhala akunena kuti kampani za intaneti zimatseka rauta (kabokosi kogawa intaneti) dala pofuna kubisa liwiro, ati ukangopeza pasiwedi ya admin, yotsegulira makonzedwe a rauta, intaneti imathamanga. Nkhaniyi yatopetsa, ndipo si yoona.

Liwiro limaikidwa pa makina a kampani malinga ndi ndalama zomwe mumalipira, osati m'kabokosi kali pakhoma panupo. Chomwe amatseka ndi mbali ya APN kapena PPPoE, imene imalumikiza rauta ku netiweki yawo. Mukabaya kabowo ka reset (kobwezeretsa rauta mmene inalili ili yatsopano) ndi phini kwa masekondi 10, zimenezi zikhoza kufufutika, intaneti n'kuzimiratu mpaka katswiri wawo adzabwere.

Musanatumize mphekeserayi m'magulu a WhatsApp, yesani nokha. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi kebulo, zimitsani Wi-Fi m'mafoni onse, kenako yezani liwiro. Likafanana ndi lomwe munagwirizana, chomwe chikuchedwetsa Wi-Fi ndi makoma kapena kuchuluka kwa mafoni.

Komabe pali pomwe kukukanizani n'kulakwa: muyenera kumatha kusintha pasiwedi ya Wi-Fi ndi kuona zida zomwe zalumikizidwa. Adiresi yolowera m'makonzedwe a rauta, monga 192.168.1.1, kawirikawiri imalembedwa kunsi kwa rauta.