Ma church warden si anyamata a wansembe

Akhristu ambiri a mpingo wa Anglican amaganiza kuti church warden ndi wongolozera anthu pokhala, kutolera chopereka, basi kwatha, ndipo kuti zina zonse n'za wansembe. Si choncho.

Parishi nthawi zambiri imakhala ndi ma warden awiri, akhristu wamba osankhidwa pa msonkhano wapachaka. M'madayosizi ena mmodzi amasankhidwa ndi wansembe, winayo ndi akhristu. Koma ngakhale wosankhidwa ndi wansembeyo, udindo wake umakafika kwa bishopu. Archdeacon, wansembe wamkulu wothandiza bishopu kuyang'anira maparishi, akabwera kudzayendera parishi, ma warden ndi amene amafotokoza za denga lodontha, ziwiya za pa guwa ndi katundu yense wolembedwa m'kaundula.

Pa ndalama m'pamene chisokonezo chimakula. Thumba la parishi si la wansembe. Msungichuma amasunga mabuku, khonsolo ya parishi imavomereza zogula, ndipo akhristu ali ndi ufulu womva lipoti. Warden woopa kufunsa malisiti poti "abambo akhumudwa" akulephera ntchito, ngakhale atatamandidwa kuti ngwaulemu.

Parishi ikakhala yopanda wansembe, ma warden amaonetsetsa kuti mapemphero sakuima. Koma kudalitsa mkate ndi vinyo sangathe. Amaitana wansembe wina.