Kuphunzitsa mwana kupita kuchimbudzi: mafunso a akatswiri a za khalidwe

Kodi njira imene ambiri amatsatayi inachokera kuti?

Inachokera kwa Nathan Azrin ndi Richard Foxx. Mu 1971 anafalitsa njira yawo m'magazini ya Journal of Applied Behavior Analysis atayiyesa pa akuluakulu olumala m'maganizo omwe ankadzikodzera. Mu 1974 analembanso buku la makolo.

Imayenda bwanji?

Mwana amavula thewera n'kuvala panti, chifukwa thewera limamwa mkodzo ndipo mwanayo samva kuti wanyowa. Amapatsidwa zakumwa zochulukirapo kuti mkodzo uzibwera pafupipafupi, kenako amakhazikidwa pachimbudzi pa nthawi zoikika. Akangokodza, pompo mumamuyamikira n'kumupatsa chimene amachikonda kwambiri, chomwe sachipeza nthawi ina iliyonse. Mukachedwa nacho mpaka atasamba m'manja, mwana saona kuti wachilandira chifukwa chiyani. Pakatikati mumaona ngati panti ndi wouma, n'kumuyamikiranso. Akayamba kuzolowera, nthawi ya pakati pa maulendo a kuchimbudzi mumaitalikitsa pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene ambiri amalekera msanga. Mwana amene amakodza pokhapokha wina atamutengera kuchimbudzi sanaphunzire. Ayenera kumanena yekha, kaya ndi mawu, dzanja kapena khadi la chithunzi, makamaka ana a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena) amene salankhula.

Nanga akadzikodzera?

Njira yoyambirira inkalamula kuti akonze pamene waipitsa ndi kubwereza ulendo wa kuchimbudzi kangapo. Masiku ano ambiri anazisiya. Malamulo a Behavior Analyst Certification Board (bungwe la ku America lopereka ziphaso kwa akatswiri a za khalidwe), omwe anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, amafuna kuti katswiri ayambe ndi njira zolimbikitsa, osathamangira zachilango. Msintheni mwanayo osakalipa, basi.

Dokotala akufunika?

Inde, musanayambe. Kudzimbidwa ndi matenda a m'chikhodzodzo zimachititsa mwana kudziipitsira, ndipo mphoto singachize zimenezo. Za kuchulukitsa zakumwa mufunsenso, makamaka ngati mwana ali ndi vuto la impso, mtima kapena khunyu.

Katswiri awerenge chiyani?

Magazini ija ya Journal of Applied Behavior Analysis komanso ina yotchedwa Behavior Analysis in Practice. Komabe pepala lofunika kwambiri ndi limene makolo ndi aphunzitsi amalembapo nthawi imene mwana wakodza, kumene wakodzera, ndi ngati ananena yekha. Liyambeni masiku angapo maphunziro asanayambe kuti mudziwe nthawi zomukhazika pachimbudzi.