Mwalemera, chabwino, koma alipo amene angakudzudzuleni?

Anthu amakonda kundifunsa ngati m'busa kuti "Abusa, kodi kulemera ndi tchimo?" Ayi ndithu. Abrahamu anali ndi ziweto, siliva ndi golide, Lidiya wa pa Machitidwe 16 anali mayi wa geni ya nsalu zodula ndipo ndi amene analandira Paulo kunyumba kwake ku Filipi. Pa 1 Timoteo 6:17-18 olemera sakuuzidwa kuti ataye katundu, akuuzidwa kuti asadzikuze, asadalire chuma chosakhalitsa komanso azigawana ndi anzawo. Zakusakhalitsazo ife a ku Thyolo sitifunika ulaliki wautali, tinaona nthochi zimene zinamangitsa nyumba za malata zikutha ndi matenda a chisaka.

Nde vuto lili pati? Palibe amene amadzuka m'mawa nkunena kuti lero ndikusiya Mulungu. Zimayamba ndi nthawi. Munthu wayamba ndi kabenchi ka tomato pa Bvumbwe, zamuyendera, wagula njinga ya moto ya kabaza, kenako yachiwiri, kenako kalole kotengera kabichi ku Limbe ndi kukapikula katundu pa Muloza, ndipo chilichonse mwa izi chimafuna mwini wake, dalaivala wayimba kuti tayala laphulika pa Luchenza, mnyamata wa kabaza sanabweretse ndalama za dzulo, foni ikungolira mkati mwa kwaya. Choyamba kugwa ndi mapemphero a ku mlaga, amayi ayamba kujomba ku Mvano kapena ku Dorika, pemphero la madzulo ndi ana lasanduka kuwerengera ndalama. Chopereka chokha ndi chimene chimafikabe kutchalitchi, pa Airtel Money kapena Mpamba, mwini wake ali pa msewu. Mose anazidziwa izi, pa Deuteronomo 8 chenjezo lake likuloza nthawi imene Aisraeli adzadye nkukhuta, atamanga nyumba zabwino ziweto zitaswana, kuti pamenepo mtima umayamba kunena kuti ndi dzanja langa lachita zimenezi.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ineyo nchakuti munthu akalemera anthu amasiya kumuuza zoona, ndipo mipingo yathu ili ndi mlandu waukulu pamenepa. Wapereka matumba a simenti omangira tchalitchi, basi wasanduka "bwana", pa pepa sande ndi mlendo wolemekezeka, mpando wake ndi wakutsogolo, chaka chamawa tamusankha kukhala mkulu wa mpingo osafunsa kuti kunyumba kwake kukuyenda bwanji. Mtsikana wothyola tiyi ku esiteti akatenga pathupi nkhani yake imakambidwa sabata yomweyo nkudulidwa, koma bwana uja akamangira mayi wina nyumba ku Bangwe akuluakulu onse amangoti tiyeni tiziwapempherera. Yakobo mutu 2 anadzudzula kukondera komweku, kopatsa wa mphete ya golide malo abwino wosauka nkumuuza kuti ima uko. Ena amaona ngati olemerawo akukondedwa. Ine ndimaona kuti tikuwataya, chifukwa wosauka uja bola ali ndi omubweza akasochera, wolemerayo wazunguliridwa ndi anthu ofuna thandizo lake ndipo palibe angayerekeze kumukhumudwitsa.

Ndiye mukafuna kudziwa ngati mtima ukadali kwa Mulungu musayambire pa envelopu ya chakhumi, envelopu anthu amaiona ndipo imabweretsa ulemu. Yambirani pa malipiro a anthu okugwirirani ntchito. Levitiko 19:13 ikuti malipiro a waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa, Yakobo 5:4 ikuti malipiro amene munawabisira okolola m'minda mwanu akufuula mpaka kwa Ambuye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo mu shopu mwanu munakweza tsiku lomwelo, palibe cholakwika, geni imatero. Nanga mtsikana wogulitsa mu shopumo, mayi wochapa pakhomo, mlonda wausiku, anaona kusintha liti? Alipo anthu amalonjeza ndalama zambirimbiri pa maiki kutchalitchi pomwe aganyu opalira m'munda wa nanazi akuwayendetsa masabata kuti bwerani mawa. Mungolipira kaye aganyuwo, mpingo udikire, sugwa.

Za nthawi zija, musadalire kuti mudzapeza mpata, geni siipereka mpata. Abale athu a Adventist, amene akhala pa Malamulo ku Makwasa kuyambira 1902, ambiri amatseka shopu dzuwa likalowa Lachisanu ndipo makasitomala anazolowera, amagula msanga. Kaya inu mumapembedza Lamulungu, uzani dalaivala ndi anyamata anu kuti maola akutiakuti foni ndathimitsa, ndipo nawonso muwapatse tsiku lawo lopita kukapemphera, si inu nokha muli ndi mzimu.

Kenako pezani munthu m'modzi amene anakudziwani musanakhale ndi kanthu, malume, anamkungwi a ukwati wanu kapena mnzanu wa ku kwaya wakale, koma akhale woti simumupatsa ndalama ndipo alibe nanu ngongole. Mumuuze nokha kuti ali ndi ufulu okufunsani za banja lanu, za mowa, za momwe mwapezera tenda ija. Abusa anu angathe, koma ngati galimoto yomwe amakwera popita ku maliro ndi yanu, sankhani wina.