Mkungudza wa ku Mulanje ndi mkangano wa ku Zoo Lake

Lamulungu lina masana tinakhala pa kapinga ku Zoo Lake, paki ya mumzinda wa Johannesburg, ife a ku Mulanje ndi ku Phalombe amene timasonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi. Titatha zowerengera ndalama, mlembi wathu anadzutsa nkhani ina. Anati m'chaka cha 2027 nkhalango ya paphiri la Mulanje ikwanitsa zaka 100 chikhazikitsireni lamulo loiteteza, ndiye bwanji tichititse mpikisano wa ndakatulo, ana obadwira kuno ku Joni alembe, akuluakulu alakatule. Ambiri anaomba m'manja. Amalume ena a ku Likhubula, amene amasamalira maluwa panyumba ina ku Parkview, anangoti duu. Kenaka anafunsa: "Achimwene, tikavinire chiyani? Mkungudzawo uli kuti?"

Funso limenelo ndi limene landilembetsa. Ambiri a ife tinakulira m'tsinde mwa phirilo, koma mbiri ya mtengowu timaidziwa mwa zidutswazidutswa.

Chimene chinabadwa mu 1927 ndi lamulo. Nkhalangoyo inalipo kalekale, makolo akukathira nsembe ku Dziwe la Nkhalamba ndi kuopa kupita ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Mkungudza, umene ena kwathu amangoti sida, umamera pamwamba penipeni, ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila ndi ku Sombani, kumene nkhungu imagona pa masamba. Waukulu unkafika mamita 40, ndipo padziko lonse palibe kwina kumene unamera wokha. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, anakwera phirilo natenga nthambi ndi njere, ndipo mabuku a sayansi anautcha mtengowo Widdringtonia whytei potengera dzina lake. Pasanapite zaka khumi, boma la atsamunda linali litayamba kuucheka. Thabwa lake ndi lopepuka, lonunkhira, chiswe sichiligwira, madzi saliwoletsa msanga. Linapita ku madenga a nyumba, ku zitseko, mpaka ku mabwato a kunyanja. Ndiye pofika 1927, amene ankalemba lamulo loteteza ndi omwewo amene anali atacheka kwa zaka pafupifupi makumi atatu.

Pambuyo pake mavuto anangotsatizana. Anadzala paini wa ku Mexico paphiripo, iye n'kuyamba kudzifesa yekha ndi kulanda malo. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera nsabwe za m'mitengo zoumitsa nthambi. Moto wa alenje unkapsereza timbande chaka ndi chaka, pamene mkungudza ukapsa suphukiranso pachitsa.

Koma chimene amalume aja anakhalitsapo ndi nkhani ya ziphaso. Kwa zaka zambiri lamulo linkalola kucheka mtengo wouma wokha. Poliwerenga linkamveka lanzeru. Kuphiri linasanduka chiphunzitso cha kaphedwe ka mtengo: usende khungwa kuzungulira thunthu, kapena usonkhe moto patsinde, udikire, chaka chamawa ubwere ndi sowo, mtengo wauma wokha. Amalume sanabise kuti ali mnyamata anasenzapo matabwa kuchokera ku Chambe, opanda nsapato, kutsika matanthwe oterera, thabwa pamutu, malipiro ake osakwana ndi thumba la chimanga lomwe. Amene ankalemera anali a m'tauni, eni malole. Ndinawamvetsa, chifukwa nanenso sukulu yanga ina inalipiridwa ndi matabwa amenewo, ndipo sindingaloze chala osenza ngati kuti ine ndinadya zina.

Mu 1984 Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko la Malawi. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika phirilo pa mndandanda wa malo ofunika a zachilengedwe. Ulemu unkakwera, mitengo ikutsika paphiri. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Nditatchula nambala imeneyi pa kapinga paja, mayi wina a ku Phalombe anagwira pakamwa, poti iwo anachoka kumudzi nkhalango idakali yakuda bii.

Mlembi sanagonje, ndipo mfundo zake zinali zoona. Anakumbutsa kuti a Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi akatswiri a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, afesa mbande m'manazale ndi kudzala mitengo zikwizikwi paphiripo. Anakumbutsanso kuti mu July 2025 UNESCO inalemba phiri la Mulanje m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalilemekeza. "Amalume," anatero, "mwana akabadwa pamaliro sitileka kumutcha dzina." Amalume anayankha kuti mbande si nkhalango, ndipo mkungudza wodzalidwa lero adzauona utakula ndi adzukulu a adzukulu athu, ngati moto ndi sowo ziuleke.

Pamene ankakangana, ine maso anali pa mitengo imene inatipatsa mthunzi. Johannesburg unali dera la udzu golide asanapezeke mu 1886. Dera limene tinakhalalo linali munda wa mitengo wotchedwa Sachsenwald, wodzalidwa kuti papezeke mitengo yochirikizira migodi, ndipo dzina la dera loyandikana nalo la Saxonwold linachokera pamenepo. Malo a Zoo Lake ndi osungirako nyama anaperekedwa ku mzinda mu 1904 pokumbukira mkulu wa kampani ya migodi, Hermann Eckstein. Agogo athu amene anabwera pa Wenela ankakwawa pansi pa nthaka yomweyi, denga la mgodi litatsamira pa mitengo yotere. Lero zidzukulu zawo ndife tikuthirira, kudulira ndi kusesa masamba a jakaranda wa ku South America m'mabwalo a eni ake, ndipo mzinda wonse ukuoneka ngati nkhalango. Manja a Amalawi akudziwa kusunga mtengo wa mwini kwa zaka makumi awiri osauthyola nthambi. Zimenezi zimandiwawa ndikaganiza za zitsa za ku Lichenya.

Namondwe Freddy atagwa mu March 2023, tinasonkhana pamalo omwewa kusonkha za maliro ambiri nthawi imodzi. Miyala ndi matope zinatsika m'mapiri n'kukwirira midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Akuluakulu anati Napolo wadutsa. Achinyamata anati phiri lavulidwa. Palibe amene anatsutsa mnzake tsiku limenelo.

Maganizo anga ndi akuti mpikisano uchitike, koma ndakatulo zongoyamikira kukongola kwa Sapitwa ndi mathithi a Likhubula tili nazo kale zokwanira. Mwana wobadwira ku Rosettenville, amene Chichewa chake chasakanikira ndi Chizulu, ayenera kumva kuti kunali mtengo wonunkhira umene agogo ake anausenza pamutu, ndi chifukwa chimene anausenzera. Akalemba atamva zimenezo, alembe zimene akufuna.

Tinagwirizana kuti aliyense wolemba ayambe wakhala pansi ndi munthu wamkulu amene anauonapo mkungudza uli chiimire. Amalume anavomera kukhala mmodzi wa ofunsidwa. Anati m'chipinda chawo ku Parkview ali ndi kabokosi ka mkungudza kamene anagula kwa osema a pa Likhubula pobwera kuno, momwe amasungiramo pasipoti, ndipo adzabwera nako kuti anawo anunkhize asanagwire cholembera.