Khanda likadwala, musadikire kuti kuche

Amayi, abambo, agogo: mwana wosakwana miyezi iwiri matenda amamufulumirira. Amene amayamwa bwino m'mawa akhoza kulefukiratu dzuwa lisanalowe, ndipo kawirikawiri salira mokweza kuti mudzidzimuke. Amangoti zii.

Mukafika kuchipatala, adokotala kapena anamwino amamuvula malaya n'kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Khanda likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndiye kuti zavuta. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50. Amayang'ananso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa kwambiri popuma, amakhudza liwombo, amaona mchombo ngati wafiira kapena ukutuluka mafinya. Kutentha thupi kofika madigiri 37.5 n'koopsa. Chomwe ambiri sitichidziwa n'chakuti kuzizira thupi, kutsika pansi pa 35.5, n'koopsa chimodzimodzi.

Kunyumba sipafunika chipangizo kuti muone zizindikiro zoopsa. Mwana akakana bere, akamasanza chilichonse, akachita linjirinjiri, akamangogona osatakataka mpaka mutamugwedeza, kapena zikhatho ndi mapazi zikachita chikasu, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Pachipatala musakhale phee kumapeto kwa mzere. Uzani wazaumoyo zomwe mwaona, chifukwa ana otere amayenera kuonedwa poyamba. Mawu anu ndi ofunika: inu ndi amene mukudziwa kuti wayamwa liti komaliza, wanyowetsa matewera angati.

Mwana amene wachitidwa opaleshoni, kaya kuchipatala cha ana cha Mercy James ku Blantyre kaya pachipatala china, ngozi sithera tsiku lotuluka. N'zomvetsa chisoni kuti ana ena amatisiya opaleshoni itayenda bwino, kaamba koti bala linalowa tizilombo ndipo anabwerera mochedwa. Bala likatupa, likamachucha kapena kununkha, mimba ikafufuma n'kulimba, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Masanzi obiriwira ngati ndulu ndiye musawaderere n'komwe: akhoza kusonyeza kuti matumbo atsekeka. Musapake chilichonse pabalapo, musamumwetse mankhwala azitsamba kapena ogula pagolosale.

Panjira mufungatireni pachifuwa, khungu ndi khungu, mumufunditse, ndipo ngati akutha kuyamwa ayamwe. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe wakhala akumwa. Pofuna uphungu imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni, koma muimbe muli kale panjira.