Akaunti yosunga ndalama za mayiko angapo: imapulumutsa pati, ndipo amakudulani pati?

Munthu akafuna kutumiza ndalama kudziko lina, funso limene limabwera msanga ndi lakuti, "Amadula zingati?" Funsoli si loipa ayi, koma ndi loperewera, ndipo makampani otumiza ndalama amadziwa bwino kuti ambiri timalekezera pomwepo. N'chifukwa chake ena amalengeza mokweza kuti kwa iwo kutumiza ndi kwaulere. Palibe kampani imene inganyamule ndalama yanu ku Leeds kukaitula ku Mzimba popanda kudyapo. Akapanda kukudulani poyera, ndiye kuti adula pa reti, mtengo umene asinthira ndalama yanuyo.

Maakaunti osunga ndalama za mayiko angapo adatchuka chifukwa cha vuto lomweli. Ndi akaunti imodzi, nthawi zambiri ya pa app ya pafoni, imene mumasungamo mapaundi, madola, mayuro ndi marandi, ndalama iliyonse m'chigawo chakechake. Paundi imakhalabe paundi mpaka tsiku limene inu mwini mwalamula kuti isinthidwe. Odziwika kwambiri ndi Wise, imene idayamba ku London mu 2011 ikutchedwa TransferWise n'kudzasintha dzina mu 2021, Revolut imene idayamba mu 2015, ndi Payoneer imene amaidalira anthu ogwira maganyu a pa intaneti monga a pa Upwork ndi Fiverr. Mabanki akuluakulu nawonso ali ndi maakaunti otere, kungoti machaji awo amakhala okwererapo.

Chimene chimatsitsa mtengo n'chakuti ndalama zambiri sizidumpha malire n'komwe. Kampani ngati Wise ili ndi ndalama zake m'mayiko ambiri. Inu mukalipira mapaundi ku Britain, mapaundiwo amalowa mu akaunti ya kampaniyo ku Britain komweko, ndipo mayuro amene m'bale wanu alandire ku Dublin amatuluka mu akaunti ina ya kampani yomweyo ya ku Ulaya. Kampani imadzayanjanitsa mabuku ake pambuyo pake. Ndiponso amakupatsani nambala za akaunti za m'dzikomo, moti kasitomala wa ku America amakulipirani ngati akulipira mnzake wa tauni yomweyo.

Njira yakale ya mabanki ndi ya SWIFT, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Belgium. SWIFT sinyamula ndalama, imanyamula uthenga wolamula kuti ndalama iperekedwe. Ngati banki yanu ilibe ubale wachindunji ndi banki ya wolandira, uthengawo umadzera m'mabanki apakati, kawirikawiri a ku New York ikakhala ndalama ya madola, ndipo banki iliyonse yapakati ikhoza kubudulapo yake. Pa fomu yotumizira pamakhala timawu titatu timene anthu amangodutsa osawerenga: OUR, SHA ndi BEN. Mukasankha OUR, machaji onse ndi anu wotumiza. SHA ndiye kuti inu mwalipira banki yanu yokha, zam'njira zichotsedwa pa ndalama imene ikupitayo. BEN ndiye kuti zonse zigwera wolandira. Makolo ambiri olipirira mwana fizi kunja amadabwa sukulu ikawauza kuti ndalama yafika yoperewera pomwe iwo adatumiza yokwana. Mukayang'ana fomu mupeza kuti padalembedwa SHA. Pa fizi, pa lendi, pa invoisi iliyonse imene iyenera kufika yathunthu, sankhani OUR ngakhale ikuoneka yodula.

Machaji a SWIFT nthawi zambiri amakhala okhazikika, sayang'ana kukula kwa ndalama. Tiyerekeze kuti onse pamodzi akwana $25. Pa $5,000 imeneyo ndi theka la peresenti, yosadandaulitsa. Pa $200 ndi maperesenti 12.5. Amene amatumiza tindalama tochepa mwezi ndi mwezi ndiye amene njirayi imawapweteka kwambiri, ndipo ndi anthu omwewo amene alibe ndalama yotaya.

Tsopano tibwerere ku reti, chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Pamsika waukulu pamene mabanki amagulitsana ndalama pali mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira, ndipo pakatikati pa iwiriyi pali reti imene mumaiona mukafufuza pa Google kapena pa XE, tsamba la pa intaneti loonetsa mareti. Kampani ikakupatsani reti yotsikirapo kuposa yapakatiyo, kusiyanako ndi chaji, ngakhale pa lisiti sipadalembedwe choncho.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Mukutumiza £500 kwa mchimwene wanu ku Joni, ndipo reti yapakati tsiku limenelo ndi R24 pa paundi. Popanda wodula aliyense akadalandira R12,000. Kampani yoyamba ikuti kutumiza n'kwaulere koma reti yake ndi R23.30; mchimweneyo alandira R11,650. Yachiwiri ikudula £4 poyera koma ikusintha pa R24 pomwepo. £496 yotsalayo ibala R11,904. "Yaulere" ija yakudyerani R350, pafupifupi maperesenti atatu, pomwe yodula poyera yatenga R96 yokha. Ndiye funso loyenera kufunsa ndi ili: ndikapereka ndalama yakuti, yonse pamodzi ndi machaji, wolandira agwira zingati m'manja? Funsani makampani awiri kapena atatu mu ola lomwelo, chifukwa reti imasuntha tsiku lonse.

Pa ndalama zikuluzikulu monga paundi, dola ndi yuro, maakaunti amenewa amachitadi bwino. Wise imasintha pa reti yapakati n'kuonetsa chaji yake padera, ndipo pa ndalama zimenezi chajiyo nthawi zambiri sifika peresenti imodzi. Mukayerekeza ndi kafukufuku wa World Bank, amene wakhala akuonetsa kuti kutumiza $200 kumadya maperesenti opitirira sikisi mukaphatikiza dziko lonse lapansi, ndipo kutumiza kumayiko a ku Africa a kumwera kwa Sahara kumadula kuposa chigawo china chilichonse, kusiyanako n'kwakukulu. Cholinga chimene mayiko adagwirizana ku United Nations n'chakuti pofika 2030 mtengowu ukhale pansi pa maperesenti atatu. Tikadali kutali.

Phindu lina limene anthu saliona msanga ndi kupewa kusintha ndalama kawiri. Ganizirani namwino wa ku Manchester amene amachitanso ganyu yomasulira zikalata pa intaneti, yolipidwa madola, ndipo akufuna kugula galimoto ku Japan kwa ogulitsa amene amafuna madola. Akakhala ndi akaunti ya mapaundi yokha, madola ake amasanduka mapaundi polowa, kenako mapaundi amasandukanso madola potuluka. Wadulidwa kawiri popanda chimene wapindula. Mu akaunti ya ndalama zingapo madolawo amangodikira mpaka tsiku lolipira.

Koma maakauntiwa nawo ali ndi timisampha tawo. Revolut, pa akaunti yake yosalipira pamwezi, imaika malire a ndalama imene mungasinthe pamwezi popanda chaji yowonjezera, ndipo yakhala ikuwonjezera kachaji kena pa wikendi pamene misika yatseka. Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la makampaniwa kumakhala kwaulere mpaka pamlingo wina, kupitirira apo amadula, kuwonjezera pa chaji ya banki imene ili mwini makinawo. Payoneer imadula mukamatsitsira ndalama ku banki yakwanu, ndipo reti yake pamenepo siikhala yapakati. Mitengo yonseyi imasinthasintha, choncho werengani tsamba la machaji la chaka chino, musadalire zimene mnzanu adakuuzani zaka ziwiri zapitazo.

Msampha wina sutchedwa ndi kampani ya akaunti yanu, umatchedwa ndi makina olipirira. Muli pa sitolo ku Johannesburg kapena pa ATM ku Lusaka ndi khadi la ku Britain, makina amafunsa mwaulemu ngati mukufuna kulipira m'mapaundi kapena m'ndalama ya m'dzikomo. Mapaundi amakopa chifukwa ndi amene mumawadziwa. Kanani. Mukavomera, amene asinthe ndalamayo ndi mwini makina, pa reti imene wadziikira yekha. Sankhani randi ku South Africa, kwacha ku Zambia, khadi lanu lisinthe lokha.

Nanga kwa ife amene ndalama yathu imathera ku Malawi? Apa ndiyenera kulankhula mosapsatira: akaunti yotereyi imakuthandizani kufika pachipata, koma sikulowetsani m'nyumba. Kwacha si ndalama imene imagulitsidwa momasuka pamisika yakunja, ndipo m'maakaunti ambiri otere mulibe chigawo chosungira kwacha ya Malawi. Musanatsegule, onani kaye ngati kampaniyo imatumiza makwacha, komanso ngati imalola munthu wokhala ku Malawi kutsegula akaunti ndi kulandira khadi, pakuti zimene amapereka zimatengera dziko limene mukukhala, osati pasipoti yanu. Kunamiza adiresi kuti muoneke ngati muli ku London ndi njira yachidule yotsekeretsa ndalama zanu.

Gawo lomalizali, lofikitsa ndalama ku Malawi, nthawi zambiri limadzerabe kwa Mukuru, Hello Paisa, Mama Money, WorldRemit, Western Union kapena MoneyGram, ndipo ndalama imafikira ku banki, pa Airtel Money, pa TNM Mpamba, kapena wolandira amakatenga yekha pa kauntala. Aliyense mwa amenewa ali ndi chaji yake ndi reti yake ya kwacha. Ndalama ikafika pafoni, agogo akamakaitapa kwa ejenti amadulidwanso. Kachaji komalizaka otumiza ambiri sakawerengera, koma wolandira ndiye amakamva kuwawa. Ngati mwalonjeza K200,000 ya feteleza, wonjezeranipo yotapira.

Ndipo tisanamizane, aliyense akudziwa kuti m'zaka zaposachedwazi reti ya kubanki ndi ya mavenda am'misewu zatalikirana kwambiri chifukwa cha kusowa kwa forex. Kusiyana kumeneko n'kwakukulu kuposa machaji onse amene ndatchula, ndipo palibe app imene ingakuchotse, pakuti kampani iliyonse yovomerezeka imayendera malamulo a Reserve Bank of Malawi. Ichi ndicho chimakokera anthu kwa osintha ndalama a pa WhatsApp ndi kwa madalaivala a mabasi. Ndimamvetsa chimene chimawakoka. Koma kusintha ndalama kwa munthu wopanda chilolezo n'kuphwanya lamulo, ndipo akathawa nazo mulibe lisiti yokadandaulira kwina kulikonse.

Pamene akauntiyi imathandiza kwenikweni munthu wa ku Malawi amene ali kunja ndi pa nthawi yosinthira. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 25, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi maperesenti 44, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adatumiza ndalama yonse yomangira nyumba nthawi imodzi n'kuisiya kubanki m'makwacha adaona simenti ndi malata zikukwera ndalama yake ili chikhalire. Amene adasunga m'madola kapena m'mapaundi, n'kumatumiza pang'onopang'ono malinga ndi pamene ntchito yafika, adatetezeka. Apa pali kulinganiza: kutumiza kambirimbiri kumachulukitsa machaji okhazikika, kutumiza zonse kamodzi kumakuikani pachiswe kwacha ikagwa. Ine ndimalangiza kutumiza motsata magawo a ntchito, ya maziko payokha, ya khoma payokha, ya denga payokha. Chimene sindilangiza ndi kusandutsa akauntiyi bwalo la juga, kumagula mayuro lero poganiza kuti mawa akwera. Ngakhale amene amalipidwa kuti alosere misika amaphonya kawirikawiri.

Kwa amene ali ku Malawi komweko, chofanana nacho ndi akaunti ya ndalama zakunja imene mabanki monga National Bank of Malawi, Standard Bank, FDH Bank, NBS Bank ndi First Capital Bank amatsegula, imene kubanki amaitcha FCDA. Imakulolani kulandira ndi kusunga madola, mapaundi, mayuro kapena marandi, koma ndalama zake zimabwera pa SWIFT ndi machaji ake aja, ndipo ili pansi pa malamulo a forex amene akhala akusinthidwa kangapo. Mu 2021, mwachitsanzo, ogulitsa katundu kunja adalamulidwa kugulitsa maperesenti 30 a ndalama zakunja zimene apeza. Funsani banki yanu kuti lamulo la lero likuti chiyani pa ndalama ya mtundu wanu, kaya ndi malipiro, mphatso kapena ya malonda, ndipo akuyankheni molemba.

Chomaliza ndi chitetezo cha ndalamazo. Ambiri mwa makampani a pa app si mabanki. Ku Britain, Wise ili pansi pa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, ndipo lamulo limaikakamiza kusunga ndalama za makasitomala padera ndi zake, koma ndalamazo sizitetezedwa ndi FSCS, thumba limene limabwezera osunga ndalama banki ikagwa. Vuto limene limachitika kawirikawiri kuposa kugwa kwa kampani ndi kuimitsidwa kwa akaunti. Malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zakuba amakakamiza makampaniwa kufunsa gwero la ndalama, ndipo kompyuta ikaona zachilendo, monga anthu khumi a pa gulu la chipereganyu akuthira ndalama mu akaunti ya munthu mmodzi, imatseka kaye n'kufunsa pambuyo. Kulibe nthambi yoti mukaonane ndi manijala; mumalemba uthenga n'kudikira. Choncho sungani mapepala a malipiro, mainvoisi ndi makalata a sukulu pamalo pofikirika, dzina la pa akaunti lifanane ndendende ndi la pa pasipoti, ndipo ndalama ya lendi ndi ya pangozi ikhale ku banki ina.