Sikuti kuzizira ndiko kunathetsa nkhalango za ku Iceland

Ambiri akaona mapiri a ku Iceland ali mbee, amati kumeneko mtengo sungamere chifukwa cha kuzizira. Si zoona ayi. Mtengo wa birch wotchedwa Betula pubescens umapirira chisanu kwambiri, ndipo umamera kuyambira ku Ulaya mpaka ku Siberia, ngakhalenso kummwera kwa Greenland.

Anthu atafika ku Iceland cha m'ma 870, nkhalango za mtengowu zinali zitakuta gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo, mwinanso kuposerapo. Anazidula pofuna nkhuni, makala ndi msipu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhosa zinkadya timitengo tongophuka kumene, dothi n'kutsala poyera, mphepo n'kumaliulutsa. Lero nkhalangozi sizikuta ndi 2 peresenti yomwe ya dzikolo. Koma pamene nkhosa zatchingidwa ndi mpanda, birch imameranso yokha kuchokera ku njere zake zamapiko.